Msana wa Mkamwini

M'midzi yonse ya kumunsi kwa Fonte Boa mudalibe munthu wodziwa kulira kwa mota, njinga yamoto ya Agostinho, kuposa mayi Rufina. Inkati ikangotsokomola kuseri kwa mabulugamu, iwo ankasiya khasu, kapena mtolo, kapena nkhani imene ankakamba, n'kupatukira m'munda uliwonse umene wayandikira. Nyemba za anthu ambiri zidapondedwa chifukwa cha mota imeneyi, koma eni minda sankadandaula. Ankadziwa kuti Agostinho ndi mwamuna wa Fernanda, mwana wamkulu wa a Rufina, ndipo mkazi woleredwa bwino saonana maso ndi maso ndi mkamwini wake.

Nkhope yake adaiyang'anapo bwinobwino pa chithunzi cha ukwati chokha, ndipo pa chithunzipo munthuyo adatsinzina. Dzina lake sankalitchula. Ankati "apongozi," kapena akatopa nazo, "eni mota." Fernanda, amene ankagwira ntchito ya ulembi ku Ulongwe, ankati zonsezi n'zachikale. Koma mwamuna wake, wobadwira ku Domwe, ankausunga mwambowo kuposa a Rufina amene. Akawaona patali ankazimitsa mota n'kuyang'ana kuphiri ngati kuli wina amene wamuitana.

Zikadatha kupitirira choncho mpaka mmodzi wa iwo kuikidwa m'manda, pakadapanda Mwayiwathu.

Mwayiwathu adali chitsiriza cha a Rufina. Ankaphunzira kalasi yomaliza ku sikola ya sekundariya ya kutsidya kwa dambo, n'kumagona komweko kwa masisitere. Agostinho ankaphunzitsa Chipwitikizi pa sikola yomweyo, ndipo poti aphunzitsi ena onse ankathawa ntchito yopanda malipiro, kwaya ndi masewero zidagwera iye. Chaka chikamatha ana ankaonetsa makolo sewero ndi nyimbo mu salawu, holo yaikulu ya pasikolapo. Chaka chimenecho nyimbo ya munthu mmodzi idapatsidwa kwa Mwayiwathu.

A Rufina adamva zimenezi kwa Leonor, mnansi wawo, amene ankaotcha chimanga pa chipata cha sikola ndipo ankamva ana akamakonzekera.

"Mwana wanu uja mumamudyetsa chiyani?" adafunsa Leonor. "Akayamba kuimba, anyamata a mpira amasiya kutukwanana. Dzana ndidapsereza chimanga cha anthu."

"Amaimba bwino, eti?"

"Mukundifunsa ine? Mudabereka ndinu."

Adabereka ndi iwodi, koma adali asanamumvepo. Kunyumba Mwayiwathu adali mwana wa mawu ochepa. Ankang'ung'udza pang'ono potsuka mapoto, munthu akayandikira n'kusiya. Tsiku lina a Rufina adamuuza kuti, "Taimba ndimve," iye n'kuyankha kuti, "Amayi, sizichitika choncho. Pafunika enawo pansi panga." Sadamukakamize. Nawonso adaimbapo kwaya ku misoni ali mtsikana, nkhondo isanawathamangitsire ku Dedza, ndipo ankadziwa kuti pali mawu ena amene sayenda okha.

Koma nthawi inkatha. Mu Janeiro Mwayiwathu ankayenera kupita ku Beira kwa amalume ake a Caetano kukaphunzira unamwino. A Rufina adaona ana ambiri a m'mudzimo akukwera shapa, minibasi ya ku Beira, ndipo ankadziwa chimene chimawabweza: maliro. Mwayiwathu adzabwera ndithu, adzaimba bwino pamaso pa anthu onse, koma tsiku limenelo mwini maliro sadzamva kanthu.

Mwambo wa kupewana uli nako kothera kwake. Mwana woyamba akabadwa m'banjamo, apongozi amapha tambala, mkamwini amabwera ndi nsalu ya kapulana yatsopano, ankhoswe amakhala pakati, ndipo awiriwo amatapa m'mbale imodzi. Kuyambira pamenepo atha kuyang'anana, ngakhale kukangana kumene. Koma kwa Fernanda mwana sadabwere. Mvula zidagwa n'kukata, anzake a ukwati wa chaka chimodzimodzi adayamba kuperekeza ana ku sikola, iye adangosintha mawigi.

Fernanda ndi amene adaiyamba nkhaniyo, tsiku limene adabwera kudzathandiza mayi ake kusankha kachewere wa mbewu pakhonde.

"Amayi, tambala alipo. Kapulana tigula ku Ulongwe. Muwaitane ankhoswe timalize zimenezi, mukakhale kutsogolo mu salawu ngati makolo ena onse."

"Nthawi yake sinakwane."

"Nthawi yake ndi iti?"

A Rufina adatola kachewere mmodzi, n'kumutembenuza ngati ali ndi mbali ina imene sadaione.

"Nenani," adatero Fernanda. "Ndi iti?"

"Tikapha tambala popanda mwana, mudzi wonse udziwa kuti tasiya kudikira. Leonor yekha aifikitsa nkhaniyo ku Lifidzi dzuwa lisanalowe."

"Nanga ngati ineyo ndidasiya kale?"

"Iwe siya. Ine sindinasiye."

Fernanda adaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, n'kuponya kachewere wabwinobwino pa mulu wa wovunda. Mayi ake adamuona, koma sadamubweze.

Lamulungu lotsatira Agostinho mwini wake adabwera kudzapempha. Adakhala pa kampando kuseri kwa khoma la khitchini, a Rufina adakhala m'kati, ndipo Fernanda adaima pakhomo kuti azipititsa mawu. Khomalo lidali la njerwa zosamata, moti nkhuku ikatsokomola mbali imodzi inkamveka mbali inayo, koma ulemu sufunsa za njerwa. Mwayiwathu, amene adabwera kudzatenga ufa, ankapeta pabwalo.

"Uwauze amayi kuti tawasungira mpando," adatero Agostinho.

"Akuti akusungirani mpando," adatero Fernanda akuyang'ana zikhadabo zake.

"Uwathokoze. Uwauze kuti mawondo andivuta."

"Akuti mawondo. Mawondo omwewa amene dzulo adatsika nawo kudimba thumba la manyowa lili pamutu."

"Zimenezo sindinanene ine."

"Ndawonjezera. Telefoni nayonso ili ndi maganizo."

Kuseri kwa khoma Agostinho adati, "Uwauze kuti ngati vuto ndine, ndikhoza kukhala kunyumba tsiku limenelo. Apulofesora Denise atsogolera kwaya."

Lichero lidaima. "Alamu, musayerekeze," adatero Mwayiwathu. "A Denise amagwedeza mkono ngati akuingitsa nkhuku pa mphale. Ine ndimalowa inu mukakweza chala. Mukapanda kubwera, inenso sindiimba."

"Ku sikola umanditchula apulofesolo."

"Kuno n'kwa amayi anga. Kuno ndinu mkamwini, ndikhoza kukutumani nkhuni."

A Rufina adaseka m'kati mwa kapulana kuti asamveke. Adali asanamvepo mwana wawo akulankhula mawu ambiri chonchi nthawi imodzi, ndipo chidawabaya pang'ono kuti munthu amene amamudziwa Mwayiwathu ameneyu ndi yemwe iwo sangamuyang'ane.

"Uwauze asasiye ntchito yawo chifukwa cha nkhalamba," adatero. "Salawu ili ndi mazenera. Makutu safuna mpando."

Fernanda sadavutike n'kubwereza.

Tsikulo lidali Loweruka la kuchiyambi kwa Dezembro. A Rufina adavala kapulana ya kutchalitchi, n'kusenza dengu la chimanga la Leonor kuti aoneke ngati abwera ndi ntchito. Atafika adakaima pa zenera la kumapeto kwenikweni kwa salawu, pamene munthu ankaona kachigawo ka bwalo la masewero kudzera pakati pa mitu ya anthu. Katani idali ya nsalu zofunda za ana a kwa masisitere, zolumikizidwa ndi mapini, ndipo Agostinho adali kuseri kwake.

Sewero lidayamba mochedwa, chifukwa alendo olemekezeka sabwera anthu asanatope. Lidali la wogula kachewere wa kumalire amene ndowa yake yoyezera idali yotambasulidwa ndi nyundo. Mnyamata wina adaika pilo pamimba, n'kumalankhula Chipwitikizi kwa alimi ndi Chingerezi kwa ndowa. Anthu adaseka kwambiri, makamaka amene adagulitsapo kachewere mu ndowa yotero. A Rufina adaseka nawo mochedwa, chifukwa mawu ankawapeza atadutsa kale m'makutu a anthu ena.

Sewerolo lisanathe, mphepo idasintha. Mitambo idatsika kuchokera ku mbali ya Domwe, ndipo madontho oyamba adagwa aakuluakulu ngati nyemba. Ana a sikola adathamanga m'mbali mwa salawu akutseka mazenera a matabwa. Zenera la a Rufina lidatsekedwa ndi mtsikana waulemu amene adayamba wapepesa.

Onse amene adali panja adathamangira kukhomo. Leonor adawagwira mkono.

"Lowani. Mukufuna mufe ndi chibayo chifukwa cha ulemu?"

"Iwe, mulitu apongozi m'menemo."

"Apongozi ali kutsogolo, inu mukhala kumbuyo. Mukuyesa ali ndi maso ku nkhongo?"

Sadasankhe okha. Gulu lidawanyamula n'kuwasiya m'kati, pafupi ndi chitseko, pakati pa fungo la zovala zonyowa. Adakokera kapulana kumutu mpaka idaphimba chipumi.

Katani idatseguka mbali imodzi, inayo idakana mpaka wina adaikoka ndi manja. Ana a kwaya adakwera pa mabenchi, malaya oyera, ena obwereka. Agostinho adatulukira chakumbali, n'kuyamba kuwakonza mizere msana uli kwa anthu. Aliyense ankadziwa chotsatira: mtsogoleri amatembenuka, amawerama, amathokoza adiretori a sikola ndi alendo m'Chipwitikizi, n'kutchula nyimbo. Amatero nyimbo iliyonse isanayambe, ndipo ikatha amaweramanso. A Rufina adayang'ana chitseko. Padali anthu odzaza mpaka panja.

Pa benchi ya pamwamba, Mwayiwathu adaiona kapulana ya kutchalitchi ija. Maso ake adaima pomwepo. Agostinho adali atayamba kale kutembenuka, phewa limodzi litapita, koma mtsogoleri wa kwaya amakhalira kuwerenga nkhope za oimba ake. Adaima. Adamuyang'ana mlamu wake, ndipo mtsikanayo adaloza kukhomo ndi chibwano, pang'ono chabe.

Phewa lija lidabwerera. Agostinho adakonza kukhosi, n'kuthokoza adiretori, alendo olemekezeka ndi makolo onse, mokweza ndi momveka bwino, akuyang'ana ana ake a kwaya.

"Tili kuno, apulofesolo," adatero bambo wina pakati pa anthu, ndipo salawu idaseka. Adiretori, pa mpando wa kutsogolo, sadaseke.

Nyimbo zoyamba zidali za gulu lonse, za ng'oma ndi zisekese, ndipo zidalimbana ndi mvula n'kufika kumbuyo. A Rufina ankafunafuna mawu a mwana wawo pakati pa enawo, osawapeza. Nyimbo iliyonse ikatha, anthu ankaomba m'manja, Agostinho n'kuwerama kwa kwaya. Anthu adayamba kuganiza kuti mwina ndi kachitidwe katsopano ka ku Maputo.

Kenako Mwayiwathu adatsika pa benchi n'kudzaima yekha patsogolo. Ng'oma zidaikidwa pansi. Agostinho adakweza chala.

Mvula idasankha nthawi yomweyo kuti ikhuthuke yonse. Denga la salawu lidali la malata okhaokha, ndipo lidalira ngati chigayo. A Rufina adaona pakamwa pa mwana wawo pakutseguka, adaona khosi lake likutambasuka, adaona amayi a m'mizere ya kutsogolo akupendeketsa mitu. Kumbuyoko sikudafike kanthu. Adatulutsa khutu limodzi m'kapulana. Malata okhaokha.

Sadaganize nthawi yaitali, chifukwa akadaganiza sakadapita. Adayamba kuyenda m'kanjira ka pakati, akulambalala mawondo ndi maambulera, akupepesa kwa anthu amene sankawamva. Adadutsa mabenchi a makolo. Adadutsa mipando ya alendo, atawerama, dzanja limodzi kutsogolo. Patsogolo penipeni padali ana ang'onoang'ono atakhala pansi pa simenti, ndipo adakhala pakati pawo, n'kutambasula miyendo. Zidendene za mkamwini wawo zidali pafupi moti akadatambasula mkono akadazikhudza.

Maso a kwaya yonse adatsikira kuseri kwa Agostinho. Iye sadasunthe phazi. Adafumbata dzanja m'mwamba, nyimbo idaduka pakati, ndipo adati, "Tiyambirenso."

Mawu amene adatuluka sadali amene a Rufina ankayembekezera. Iwo ankaganiza za mawu oonda, okwera, a mwana amene amang'ung'udza pa mapoto. Awa adali a mkazi wamkulu, otsika, a mchenga pang'ono, osafulumira. Nyimboyo adaipeka anawo okha. Idali ya munthu wobzala nyemba akudziwa kuti pokolola sadzakhalapo, ndipo akuwauza otsala kuti mzere wa m'mphepete asautchole msanga, umachedwa kukhwima. Mwayiwathu sadayang'ane mayi ake. Ankayang'ana chala chija. Atafika pakati, atsikana a mawu apansi adalowa mwakachetechete n'kumunyamula, ndipo a Rufina adazindikira kuti kukhosi kwawo kukung'ung'udza mzere womwewo, mlomo uli chitsekere.

Poti sakadatha kuyang'ana mwana wawo nthawi yonseyo popanda nkhope kuwagwa, ankapumitsa maso pa chimene chidali patsogolo pawo. Kolala ya malaya a Agostinho idali yotembenuzidwa n'kusokedwanso, ndi ulusi wotalikirana wa munthu wosapirira, ulusi wa Fernanda. Thukuta lidajambula mzere pakati pa msana. Munthuyo adali woonda kuposa momwe mota inkamuonetsera. Ndipo ku nkhongo kwake, pamwamba pa kolala, kudali imvi. Pa chithunzi cha ukwati padalibe imvi. A Rufina ankayesa kuti m'banja limenelo odikira ndi iwo okha ndi mwana wawo.

Nyimbo idatsika, n'kutsikanso, n'kutha pa liwu limodzi lalitali limene mvula idalimeza kumapeto.

Anthu adaomba m'manja. Amayi adalulutira. Alendo olemekezeka adaimirira, ndipo adiretori adaimirira nawo chifukwa sakadachitira mwina. Mwayiwathu adagwada pang'ono. Agostinho adangoima, manja ali m'mbali.

"Apulofesolo," adatero adiretori, akumwetulira alendo, "tembenukani anthu akuoneni."

Sadatembenuke.

Kuomba m'manja kudapitirira, kenako kudayamba kutopa, ngati anthu akufunsana ngati asiye. A Rufina adamva wina kumbuyo kwawo akunong'ona kuti kwatsala nyimbo zina, ndipo yomaliza mtsikana yemweyu aimbanso ndi mnyamata wa pilo uja. Adakhalabe. Simenti idali yozizira koma sadafune kudzuka. Akadatha kukhala pamenepo mpaka Janeiro.

"Apulofesolo Agostinho." Tsopano kumwetulira kudali kutachoka m'mawu a adiretori. "Alendo aimirira."

Msana uja udawongoka pang'ono, basi. Khutu lake limodzi lidaoneka likufiira. A Rufina adadziwa kuti munthuyu aima choncho mpaka nyimbo yomaliza, mpaka salawu itsale yopanda anthu, ndipo Lolemba akaitanidwa ku ofesi kukafotokoza mwano wake, osatchula apongozi ake ngakhale kamodzi.

Adakweza maso. Mwayiwathu tsopano ankawayang'ana, akupuma mofulumira, nkhope ili ndi funso. A Rufina adagwedeza mutu kamodzi, momwe ankachitira mwana akathira mchere wokwanira m'ndiwo. Kenako adatsamira dzanja pa simenti n'kudzuka. Mawondo adalira, ndipo ulendo uno sidali bodza.

Adabwerera m'kanjira komweko, osathamanga. Anthu a m'mudzi mwawo, amene tsopano adamvetsa zonse, adapinda miyendo kuti adutse. Pakhomo Leonor adaona nkhope yawo n'kuwatsegulira njira.

Panja mvula idali itachepa. Atangotsika masitepe, m'salawu mudaphulikanso kuomba m'manja, kwatsopano, kosakanikirana ndi kuseka ndi mluzu wa anyamata. Sadacheuke. Adadziwa kuti mkamwini wawo watembenuka.

Adadutsa bwalo la mpira, madzi akulowa m'nsapato, akuyesa nyimbo ija pansipansi. Chiyambi adali nacho. Malo amene imatsika adali nawo. Pakati, pamene atsikana a mawu apansi amalowa, padali potayika, ndipo adabwereza kuyambira pachiyambi kuti mwina mwendo ukaponda bwino apapeza. Kumbuyo kwawo ng'oma zidayambanso, kwaya idalowa nyimbo ina, yachangu, yosavuta kugwira, ndipo mphepo idayamba kuibweretsa m'zidutswa. A Rufina adakokera kapulana m'makutu n'kufulumiza mapazi kutsikira kudambo, kuti yatsopanoyo isawapeze n'kuwatayitsa imene adanyamula.